Banga la Tiyi

Ine ntchito yanga ndi kuyeretsa.
Kuseri kwa hotela kuno ku Tioman,
kumene nkhalango imatsika phiri
kudzasuzumira m'mazenera a khitchini,
ndimalimbana ndi mashitibedi makumi asanu ndi limodzi
dzuwa lisanavuuke m'nyanja ya ku Juara.
Zopaka milomo za mtsikana wa m'chipinda cha nambala naini,
mafuta a alendo oopa dzuwa lomwe alipira ndalama kudzaliothera,
khofi, magazi a udzudzu, mchenga,
zonse ndimazimiza m'jiki
mpaka nsalu iti mbee, ngati sipanagonepo munthu.
Bwana Lim amanyamula thawulo n'kuliunika padzuwa:
"Salbiah, manja akowa ndi golide."
Golideyo watha zikhadabo, wang'ambika m'mphindi,
koma ndimamwetulira.

Apusi amandidziwa.
Alipo wina woduka khutu, amaba zopanira zovala pachingwe.
Ng'azi imadutsa pansi pa thanki ngati mwini malo,
lilime lawilawi, moni osapereka.
Madzulo mileme ikuluikulu imathothoka m'mitengo
ngati matawulo akuda oanulidwa ndi mphepo.

Mlongo wanga Kefli amagwira ntchito pansi pa madzi.
Amatola tinthambi ta makorali
tothyoledwa ndi anangula ndi zidendene za alendo,
n'kutimangirira pazitsulo monga wolumikiza mafupa.
Chaka chino nyanja inafunda ngati madzi oiwalidwa m'ketulo.
Tsiku lina anabwera, mpunga osaukhudza,
anakhala pamasitepe mchere ukuuma m'nsidze.
"Zayera," anatero. "Zonse zayera."
Ine, chitsiru cha jiki, ndinati, "Nanga si bwino?"
Anandiyang'ana nthawi yaitali
kenako anakatsuka mapazi.

Sabata yomweyo mtsikana wa naini uja anandionetsa foni:
munda wa nyanga zoyera ngati keke ya ukwati.
"Taonani kukongola!"
Ndinavomera ndi mutu, matawulo ali m'manja.

Novembala. Mphepo ya mvula yayamba kutsokomola,
boti la ku Mersing likubwera mwa apo ndi apo,
zipinda tazikhomera matabwa, makiyi ali m'chitini.
M'mawa wina nyanja inaiwala kukwiya
ndipo Kefli anati, "Tiye."
Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndili pachilumba chino,
nyanja ndimaidziwa kulekeza m'mawondo.
Anandiveka galasi kumaso, mpango osavula.
"Gwira chingwe. Puma ndi pakamwa. Usaponde kanthu."

Pansipo kunali zii.
Kuyera kwake ndinakuzindikira pomwepo,
si kwa mashitibedi anga ayi,
ndi kuja kwa nsanda imene tinakulungamo bambo athu.
Tinsomba tiwiri tokha tinkazungulira
ngati ana ofunsa nyumba imene inagwetsedwa.

Kenako chala cha Kefli.
Pachitsulo, kanthambi kosaposa chala changa chaching'ono,
ndipo m'munsi mwake banga lofiirira,
ngati tiyi wotayikira papilo.
Banga lotere ine ndimalichotsa pa mphindi zisanu.

Ndinavuuka ndikutsamwa, mchere m'mphuno.
"Kali moyo," anatero Kefli,
akuyang'ana kuphiri, kumene mitambo inali itagona kale pamitengo,
kuti ndisaone maso ake.

Mvula ikakata alendo adzabwera,
ndidzabwerera kumabeseni anga,
pakuti mwana wanga Izzati akufuna nsapato za kusukulu
ndipo jiki sadikira maliro a munthu.
Koma pa swala ya m'bandakucha
ndawonjezera pempho limodzi
loti Bwana Lim atalimva angandichotse ntchito:
banga lija likule,
lifalikire pazitsulo, pamiyala, mpaka kutsidya kwa doko,
lithimbiriritse pansi pa nyanja ponse,
ndipo pasadzapezeke manja, angakhale a golide,
olichotsa.